Kodi house ndi techno zimasiyana pati kwenikweni?

Anzanga okonda nyimbo zovina zopangidwa ndi makina, ndithandizeni. House inabadwira ku Chicago m'zaka za m'ma 1980 kuchokera ku disco, ndipo techno inaphukira ku Detroit nthawi yomweyo. Zonse ng'oma yake imagunda kanayikanayi, kawirikawiri pa makina a Roland TR-909. Ndiye khutu limazisiyanitsa bwanji? Ena amati house ili ndi mawu oimba ndi piyano pomwe techno ndi youma, koma acid house, yolira ndi makina ena a Roland otchedwa TB-303, ine ndimaimva ngati techno.

Chandizunguza kwambiri ndi cha ku South Africa. Kwaito inachokera ku house yochepetsedwa liwiro, amapiano n'kutengera deep house ndi kwaito. Nanga gqom ya ku Durban, yomwe kagundidwe kake n'kodukaduka, tiiike m'banja liti?