Mlongoti wa ngalawa ndi mawaya a magetsi: ndithandizeni

Wa ku Nkhotakota, Rosettenville:
Akuluakulu, ndimagwira ntchito kuno ku Johannesburg kwa bwana amene ali ndi ngalawa ya thanga ku Vaal Dam, kufupi ndi Deneysville. Loweruka lapitali tinkaitulutsa m'madzi pa ngolo, mlongoti udakali chiimire, ndipo mkulu wina anathamanga akukuwa kuti tiime chifukwa kutsogolo kunali mawaya a magetsi, pomwe ine ndinkaona kuti mpata ulipo. Kodi magetsi angaphe munthu mlongoti usanakhudze waya? Komanso bwana akamakuwa kuti port kapena starboard ndimangoti kakasi, ngakhale ndinakulira m'bwato. Mawu amenewa anachokera kuti?

Malume a ku Germiston:
Achimwene, mkuluyo mumuthokoze. Milongoti yambiri masiku ano ndi ya aluminiyamu, ndipo zingwe zoigwiriziza ndi zachitsulo, choncho magetsi amatsika nazo mpaka m'manja mwa amene wagwira ngalawayo kapena ngoloyo. Mawaya wamba a Eskom, kampani ya magetsi ya kuno ku South Africa, opita m'mafamu amanyamula mavoti 11,000 kapena 22,000, ndipo akuluakulu aja amafika pa 400,000, ena mpaka 765,000. Mphamvu ikachuluka, magetsi amalumpha mumpweya popanda kukhudzana. Maso nawo amanama: munthu woima pansi sangathe kuyeza bwino kutalika kwa waya umene uli m'mwamba, ndipo dzuwa likatentha waya amatanuka n'kulendewera m'munsi. Pamadzi palinso china, chifukwa damu likadzaza m'dzinja ngalawa imakwera, ndipo pamene munadutsa bwinobwino m'chilimwe pangakukoleni. Gwetsani mlongoti musanasunthe ngolo. Ukakhudza waya muli m'galimoto, khalani momwemo mpaka magetsi athimitsidwe. Ngati moto wabuka, lumphani mapazi ali pamodzi, osagwira galimoto ndi nthaka nthawi imodzi.

Mayi a ku Salima:
Ine ndiyankhe za mawu. Mukakhala m'ngalawa n'kuyang'ana kutsogolo, starboard ndi kumanja, port ndi kumanzere, ndipo usiku kumanja kumayaka nyali yobiriwira, kumanzere yofiira. Kalekale Angerezi ankawongolera ngalawa ndi nkhafi yaikulu yomangirira kumanja, ndiye starboard likutanthauza mbali yowongolerera. Pokocheza ankagunditsa mbali inayo kudoko kuti nkhafiyo isathyoke. Mbaliyo inkatchedwa larboard, koma pakati pa mphepo mawu awiriwa ankamveka chimodzimodzi, motero asilikali apamadzi a ku Britain analamula mu 1844 kuti izitchedwa port. Musadziderere, ifenso tili ndi athu: thanga, nangula, tsigiro, ngakhalenso mkwamba, muyeso wa mikono yotambasula umene agogo ankayezera nsalu. Ndi womwewo umene Angerezi amati fathom, pafupifupi mamita 1.8, poyeza kuya kwa madzi.

Wa ku Nkhotakota, Rosettenville:
Zikomo kwambiri malume ndi amayi. Mwera ndimaudziwa kuyambira ndili mwana, koma kwathu bwato lilibe mlongoti, ndiye maso anga anazolowera kuyang'ana mafunde okha. Loweruka likubwerali ndikawapempha bwana kuti tiyeze mlongotiwo ndi tepi, ndilembe kutalika kwake pa ngolo pomwepo.