Kodi mchere wa mu kapenta tingauchepetse bwanji kwa odwala BP?

Abale ndi alongo a mu Lusaka, tithandizeni nzeru. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, chifukwa mchere ukachuluka thupi limasunga madzi ndipo BP imakwera. Wothira patebulo ndi wosavuta kuusiya. Wovuta ndi wobisika mu kapenta wouma, nsomba zamchere, ngakhale mu soda wa m'therere, amenenso ali ndi sodium, chinthu cha mu mchere chimene chimakweza BP. Koma kapenta ndiye ndiwo ya mabanja ambiri ku Kanyama ndi ku Matero, sitingawauze kuti amusiye.

Amayi odziwa kuphika, mumamuviika m'madzi ofunda mphindi zingati, ndipo madziwo mumataya kangati kuti mchere uchepe koma asanyenyeke pokazinga? Nanga tomato, anyezi ndi nsinjiro zimakwanira kubwezera kukoma?