Agogo a makilo 110, BP yatsika: madzi ndithire ochuluka bwanji?

Kilinikala wa usiku: Akuluakulu, ndithandizeni msanga. Ndili ndi agogo aakazi a zaka 74, odwala shuga. Mwana wawo akuti kuyambira dzulo akungoyankhula zosagwira mutu. Thupi silikutentha, 36.1. Kupuma ka 26 pa mphindi, mtima 118, BP 95/60. Malungo palibe, shuga 14. Mkodzo ndi wambuu, wonunkha. Ndikuona ngati sepsis (tizilombo tautsa matenda osokoneza ziwalo za thupi lonse) yochokera kunjira ya mkodzo, mankhwala opha tizilombo a ceftriaxone 2 g ndabaya kale. Pandiimitsa mutu ndi pa madzi a dripi. Sikelo ikuti makilo 110, msinkhu 160 cm. Ndikatsata malangizo a sepsis a 30 mL pa kilo ndiye malita 3.3 m'maola atatu. Concentrator (makina opereka okosijeni) tili nayo imodzi, ventilator (makina opumitsira wodwala) kuno kulibe. Ndithire onsewo?

Sisita wa HDU (wodi ya odwala ofunika kuyang'aniridwa pafupipafupi): Achimwene, BP mwayeza ndi cuff (lamba wa pamkono) iti? Kaja ka masiku onse pamkono wotero kamanama, kamakweza nambala. Kabwerekeni yaikulu ku theatre. Komanso musanakhutire kuti gwero ndi mkodzo wokha, afunyululeni agogowo bwinobwino. Pansi pa mimba, pansi pa mabere, m'mphechepeche, pakati pa zala za kumapazi. Wa shuga amabisa chilonda m'malo amenewo, ndipo alonda ake nthawi zambiri sanachionepo.

Kilinikala wa usiku: Zoona a Sisita, ndi yaikulu yatuluka 84/50. Khungu lili bwino, chilonda palibe.

Dokotala wa intern: Pepani ndilowererepo. Ndinawerenga kuti odwala sepsis onenepa amapulumuka kuposa owonda, amati obesity paradox. Ndiye kapena agogowa ali ndi mwayi, thupi lili ndi nkhokwe yolimbanira nayo?

Dokotala wa ICU (wodi ya odwala mwakayakaya): Zimene munawerengazo zilipodi, kafukufuku angapo a ku America ndi ku Ulaya anaona zomwezo. Koma onani mmene anazipezera. Anawerenga mafayilo a odwala n'kuyerekeza, palibe amene anatsimikiza kuti mafutawo ndiwo amateteza. M'gulu la owonda mumagwera a khansa, a TB, a HIV yofika patali, anthu amene matenda anawadya kale asanagwidwe ndi sepsis. Mukawaika amenewo mbali imodzi, wonenepa aoneka wolimba basi. Chinanso chimene ena anaona: onenepa ankalandira madzi ochepa pa kilo iliyonse, chifukwa madokotala ankathira malita ofanana kwa aliyense. Mwina chimene chinawathandiza n'chakuti sanamizidwe.

Kwa agogowa chondidetsa nkhawa ine ndi zaka 74, osati makilo. Ukalamba ndiwo umakweza imfa pa sepsis mosakayikitsa. Mtima wouma sulandira madzi ambiri nthawi imodzi, impso zilibe posungira mphamvu, ndipo thupi nthawi zina silitentha, n'chifukwa chake amafika mochedwa chonchi. 36.1 imeneyo isakutonthozeni. Nayonso BMI (kulemera poyerekeza ndi msinkhu) mwa okalamba imapusitsa: munthu atha kukhala wamkulu thupi minofu itatha kale.

Tsono madzi. Mafuta sayenda magazi ambiri ngati minofu, ndiye kuchulukitsa 110 ndi 30 n'kulakwa. Werengerani kulemera koyenera msinkhu wawo. Kwa mayi ndi makilo 45.5 kuwonjeza 2.3 pa inchi iliyonse yopitirira mafiti asanu. Pa 160 cm ndi pafupifupi makilo 52, ndiye malita 1.6. Ngakhale ku America malamulo awo amalola kuwerengera chomwechi BMI ikadutsa 30, ndipo ya agogowa ndi 43. Komanso Surviving Sepsis Campaign, gulu la akatswiri lolemba malangizo a sepsis, mu 2021 inafewetsa mawu pa 30 mL ija, sikulamulanso mwamphamvu ngati mu 2016. Thirani dripi ya Ringer's 250 mpaka 500 mL, imani, mverani m'chifuwa kumunsi kwa msana, onani kupuma, kenako muganize zowonjezera.

Kilinikala wa ku Chipata: Ndivomereze zimenezo ndi nkhani ya kwathu kuno. Ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka anayesa ndondomeko yothira madzi ambiri msanga kwa akulu a sepsis a BP yotsika, zotsatira zinatuluka mu 2017. Omwe anatsata ndondomekoyo anamwalira 48 pa 100 alionse, a chisamaliro cha masiku onse 33. Ambiri anali achinyamata a HIV, owonda, osati ngati agogo anuwo. Koma chofanana ndi inu n'chakuti mapapo akadzaza panalibe makina okwanira opumitsira.

Wa ku famase: Ine ndikumbutse za mankhwala, poti madzi mwathana nawo. Ceftriaxone musachepetse chifukwa cha zaka, 2 g ili bwino. Metformin, mankhwala a shuga aja, imitsani. Funsaninso mwana wawoyo ngati agogo akumwa diclofenac kapena brufen wa mawondo, amavulaza impso, ndipo ambiri amagula okha pagolosale osatchula. Gentamicin, mankhwala ena opha tizilombo, ndikanapewa mpaka tione impso. Zikakakamiza, musawerengere 110, ndiponso musawerengere 52. Tengani 52, muwonjeze magawo 4 mwa 10 a makilo otsalawo, zikupatsani pafupifupi 75. Ndipo creatinine, mlingo wa m'magazi woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, akabwera wooneka bwino musasangalale msanga, kwa wokalamba wopanda minofu amatsika yekha impso zikuvutika.

Nesi wa ku Leeds: Moni kumudzi. Kuno ku Britain kunachitika kafukufuku wa odwala a zaka 65 kupita m'mwamba amene anali pa mankhwala okweza BP, anatuluka mu 2020. Ena anawasiya pa MAP (BP yapakatikati) ya 60 mpaka 65 ndipo sanamwalire ochuluka kuposa anzawo. Sindikuti musiye BP pansi, koma musathamangitse 120/80 ndi madripi. Agogo akayamba kuzindikira mwana wawo ndipo mkodzo ukutuluka, mwafikapo. Agonekeni chotsamira, mimba yotero ikagona chagada imapanikiza mapapo.

Sisita wa HDU: Ikani catheter ya mkodzo, nesi azilemba ola lililonse. Pa makilo 52 aja tikufuna osachepera 25 mpaka 30 mL pa ola. Cannula za dripi ziwiri, mkono wotero ikatuluka imodzi usiku mudzalira.

Kilinikala wa usiku: Ndathira 500 kawiri. BP 96/58, ndikatsina chala magazi akubwerera m'masekondi atatu, mkodzo 40 mL ola lathali. Koma kupuma kwakwera, 28, ndipo kumanja kumunsi ndikumva tinthu pang'ono. Saturation (okosijeni wa m'magazi) 91, ndawaika pa concentrator. Diclofenac ndi zoona, akumwa kawiri pa tsiku.

Dokotala wa ICU: Imani pomwepo, lachitatu musathire. BP ikatsikanso yankho si madzi, ndi mankhwala okweza BP, adrenaline kapena noradrenaline, ndiye imbirani ku chipatala cha central panopa adziwiretu, musadikire 4 koloko m'mawa. Muuzeninso mwana wawoyo mosabisa kuti matendawa ndi aakulu pa msinkhu umenewu, aitane abale.

Kilinikala wa usiku: Ndamva adokotala. Ku central ayankha, akuti bedi la HDU lipezeka mawa m'mawa. Ambulansi ndauza kale dalaivala asapite kutali. Ndilembanso 2 koloko ndikayeza.