Kodi kompyuta ingaone ngati khansa ya chithokomiro yafalikira?

Admin ndibiseni dzina, ndili ku Chilomoni. Mayi anga anawapeza ndi khansa ya chithokomiro, ija amati papillary. Opaleshoni ikubwera. Chikundisowetsa tulo ndi ma lymph node a m'khosi, tija timatupa munthu akakhala ndi mwanabele. Sikani ya ultrasound sinaonetse kanthu, koma adokotala akuti mwina adzachotsako ena. Achimwene ku Johannesburg akuti masiku ano kuli AI ya deep learning, pulogalamu ya kompyuta yophunzira kuchokera ku zithunzi zambiri, yoloseratu ngati matenda afika kumeneko, ndiye ndiwajambulire pepala la sikani pa foni. Kodi zimenezi n'zodalirika? Ndithandizeni nzeru.

Mayi a ku Ndirande: Pepani achemwali. Ine chizunguchi ayi, koma musachedwetse tsiku la opaleshoni podikira za pa foni.

Bambo wina wazachipatala: Achimwene anuwo sananame. Kompyuta amaionetsa zithunzi masauzande za odwala amene anachitidwa kale opaleshoni, zotsatira za ku labu zikudziwika, mpaka imazolowera maonekedwe a chotupa chimene chimakonda kufalikira. Anayambira dala, chifukwa ma node a pakati, pafupi ndi kholingo, amabisala kuseri kwa chithokomiro ndipo sikani imawaphonya kawirikawiri. Koma yankho lake limangokhala "mwina inde" kapena "mwina ayi". Kafukufuku wambiri anachitikira ku China ndi ku Korea, pa makina awo ndi odwala awo. Ndiye chithunzi cha pepala lopindika, chojambulidwa pa foni n'kudutsa pa WhatsApp? Chimenecho ayi ndithu.

Wofunsa: Nanga bwanji osangochotsa onse kuti tipume?

Bambo wazachipatala: Pamenepo ndi pothina. M'mbali mwa kholingo mumadutsa mtsempha wa mawu, ukakhudzidwa mawu amasasa. Palinso tizinthu tinayi, ma parathyroid, toyendetsa calcium m'thupi. Tikavulala, zala ndi milomo zimachita dzanzi. Dokotala amayerekeza ubwino wochotsa ma node ndi kuopsa kumeneku. Afunseni ngati sikani inaunikanso m'mbali mwa khosi, komanso ngati node yokayikitsa angaibaye kaye ndi kasingano kuti akayeze ku labu ngati muli khansa. Papillary imayenda pang'onopang'ono, ambiri amachira ngakhale itafika ku ma node.

Mayi a ku Ndirande: Mafunsowo mukalembe papepala, pamaso pa dokotala mutu umaima.

Wofunsa: Zikomo nonse. Kodi achimwene angamvetsere nawo pa foni tikamalankhula ndi adokotala, kapena zimaletsedwa?