Nthenga zenizeni kapena zopanga pomanga ntchentche zowedzera?

Kambedza

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikusonkhanitsa zipangizo zomangira ntchentche zowedzera nsomba za trout, ndiye kuti nyambo zoyerekeza tizilombo zomangidwa pambedza: zoyandama zija amati dry fly ndi zomira zija amati ma nymph pa mbedza za saizi 12 mpaka 18 (nambala ikamakula mbedza imachepa), kuphatikizapo zomira zazikuluko zotchedwa Woolly Bugger zingapo pa saizi 8. Pandiimitsa mutu ndi pa nthenga. Ena akuti zopanga za nayiloni ndi pulasitiki zinalanda kale malo, n'zolimba ndipo njenjete sizidya. Ena akuti popanda khosi la tambala palibe chomwe ndingamange. Kodi zopangazi zimagwiradi ntchito pati, ndipo ndi pati pomwe ndingangodzivuta nazo? Nanga nthenga zotola kapena zopatsidwa ndi alenje zilibe vuto?

Tsekwe

Achimwene, musafunse kuti zabwino n'ziti, funsani kuti nthengayo ikukagwira ntchito yanji pambedzapo. Malo amodzi omwe zopanga sizinafikepo ndi hackle, nthenga yokulunga kuseri kwa diso la mbedza yomwe imaimika ntchentche pamwamba pa madzi. Nthenga ya tambala ili ndi kamtengo kopyapyala, kopindika mosavuta, pomwe tiubweya take ndi tolimba, tonyezimira, tosamwa madzi msanga. Mukaikulunga, tiubweyato timaima tokha ngati masipoko a njinga. Zopanga zomwe amagulitsa ndi dzina la hackle zimayenda bwino pa ma streamer akuluakulu, ntchentche zoyerekeza tinsomba, koma pa mbedza ya 16 chingwe chake chapakati chimanenepetsa mutu ndipo ntchentche imagona chammbali. Pamenepa ndalama zanu zipite ku tambala basi.

Atambala ake si wamba ayi, ndi oweta dala chifukwa cha nthenga. Henry Hoffman wa ku Oregon anatha zaka zambiri akusankha mbewu ya atambala amawangamawanga otchedwa grizzly, ndipo mu 1989 mbewuyo inapita kwa Tom Whiting yemwe anayambitsa Whiting Farms ku Colorado. Palinso oweta ena, Metz ndi Keough. Amagulitsa zikopa ziwiri zosiyana. Cha pakhosi, chomwe amati cape, chimakupatsani masaizi ambiri pachikopa chimodzi: ting'onoting'ono kumutu, zikuluzikulu kumunsi, koma nthenga zake n'zazifupi, imodzi imamanga ntchentche imodzi kapena ziwiri. Cha pamsana, saddle, chili ndi nthenga zazitali zoposa masentimita 20, imodzi yokha kumanga zinayi kapena kupitirira, koma chikopa chonse chimakhala cha masaizi awiri kapena atatu okha. Popeza mukufuna 12 mpaka 18, yambani ndi theka la khosi la grizzly ndi theka la khosi lofiirira. Mitundu iwiriyi mukaiphatikiza mwamanga ntchentche yoyandama yotchedwa Adams, mukailekanitsa mwamanga zina zambirimbiri. Giredi yotsika ya atambala oweta dalawa ndi yokwanira, chifukwa kusiyana kwa magiredi kwagona kwambiri pa kuchuluka ndi kutalika kwa nthenga.

Pogula, pindani nthenga imodzi osaizula, muone kutalika kwa tiubweya. Tiyenera kutalika kamodzi ndi theka poyerekeza ndi mpata wa pakati pa nsonga ya mbedza ndi thupi lake. Onaninso mbali yakumunsi yoderako, yofewa ngati thonje: imeneyo imamwa madzi, ndiye muyenera kuisadzula musanamange, ndipo ikakhala kuti yafika theka la nthenga, chikopacho si cha zoyandama. Makosi ochokera ku India nthawi zambiri ali choncho, nthenga zazifupi, kamtengo konenepa, za mbedza zazing'ono kuposa saizi 14 n'zochepa. Si oipa, koma ndi a zomira ndi michira. Kamtengo kakamapotokola pokulunga mpaka tiubweya n'kuloza paliponse, vuto si manja anu, nthengayo ndi yomwe ili ndi kamtengo kaphwatalala. Kakamathyoka, chikopa chinauma kwambiri: iviikeni nthengayo m'madzi mphindi zingapo musanaimange.

Ngati muona saddle ya grizzly yabwino, musaizengereze. Cha m'ma 2011 anthu atayamba kuluka nthenga zimenezi m'tsitsi, omanga ntchentche anazisowa kwa nthawi ndithu, chifukwa tambala amatenga pafupifupi chaka kuti nthenga zake zikhwime.

WaUlusi

A Tsekwe anena zoona pa hackle, koma asakuchititseni kuganiza kuti zopanga n'zongogwirizira. Pali ntchito zomwe zimaposa nthenga kutalitali.

Yoyamba ndi phiko ndi kamtengo koimika pa ntchentche za parachute, zomwe hackle yake imakulungidwa mopingasa mozungulira kamtengoko. Ulusi wa polypropylene umapepuka kuposa madzi, kulemera kwake ndi pafupifupi 0.91 pomwe madzi ndi 1, ndipo sumwa madzi. Dulani masentimita 5, pa mbedza ya 16 mugawe chingwecho pawiri chifukwa chathunthu chimachuluka. Chipindeni pansi pa mbedza, mbali zonse ziwiri ziime m'mwamba, kenaka zungulizani ulusi womangira ka 8 kapena ka 10 kukwera ndi kutsika, mudonthezepo guluu pang'ono. Tsinde limenelo likakhala lofewa, hackle imavuka mukangogwira nsomba yoyamba. Sankhani woyera kapena wa olenji kuti muzitha kuiona ntchentche pa madzi othamanga. Ntchentche yotchedwa Klinkhåmer, yomwe anaiyambitsa Hans van Klinken, imamangidwa chonchi, koma onani kuti nayonso imafunabe nthenga ya tambala yozungulira kamtengoko.

Musasokoneze polypropylene ndi Antron. Antron ndi nayiloni, imalemera pang'ono kuposa madzi, ubwino wake ndi kunyezimira. Malo ake ndi kumchira, kuyerekeza kachikopa komwe kachilombo kakuvula, kapena kukuta thupi ngati mmene Gary LaFontaine anachitira pa ntchentche yake ya Sparkle Pupa. Pa michira ya zoyandama, tizingwe topanga tolimba ta Microfibetts, tiwiri mbali iyi tiwiri mbali inayo, sitithyoka, ngakhale kunena zoona mawanga a Coq de León, nthenga za atambala a ku León ku Spain, palibe pulasitiki yomwe imawatsanzira bwino.

Pa ma streamer a nsomba zamano ngati pike, ulusi wopanga wa EP Fibers ndi ubweya wopanga zimapirira kulumidwa, ndipo mukangotukula chingwe madzi amayoyoka, ntchentche n'kupepuka poponya. Nthenga zikanyowa zimalemera. Koma pa Woolly Bugger yanuyo musasiye marabou. Dzinali linachokera ku mbalame yotchedwa marabou stork, koma yomwe timagula lero ndi nthenga zofewa za nkhukundembo zoweta, zonyikidwa mu utoto. Marabou imagwedezeka yokha ngakhale ntchentche itaima, pomwe ubweya wopanga umadikira kuti mukoke. Mchira utalike ngati thupi la mbedza, ndipo ukatalikitsa muutsine ndi zala, osadula ndi sizasi, chifukwa wodulidwa umaoneka ngati burashi. Krystal Flash, ulusi wonyezimira wa pulasitiki, ikani tizingwe tiwiri kapena titatu mbali iliyonse, osaposa apo.

Zolakwika pa zopanga n'zodziwika. N'zoterera, ndiye pakani phula pa ulusi ndipo muzipinde pomanga m'malo mongozigoneka. Anthu amachulutsa, chifukwa m'manja zimaoneka zochepa, koma sizifota zikanyowa ngati nthenga; tengani theka la zomwe diso likukuuzani. Nsonga zake muzikoke mosiyanasiyana musanamange kuti zisathere pamodzi. Zimabunthitsa sizasi, choncho khalani ndi ina yapadera. Ndipo kumbukirani kuti ntchentche yoduka n'kutsala mumtsinje, nthenga zimaola koma pulasitiki imakhala pomwepo.

Pa ma nymph musavutike kufuna zina. Nthenga imodzi ya pakati pa mchira wa pheasant wamwamuna, mbalame yonga nkhwali ya mchira wautali, imamanga Pheasant Tail zambiri, ntchentche ya Frank Sawyer wa ku mtsinje wa Avon ku England. Tiubweya 4 mpaka 6 pa saizi 14 kapena 16, kenaka waya wopyapyala wa kopa muuzungulize mobwerera, mosemphana ndi mmene munakulungira nthenga, apo ayi mano a trout amasula thupi lonse. Nthenga ya pikoko nayonso n'chimodzimodzi, ipotereni pa ulusi musanakulunge.

NaNthenga

Bambo Kambedza, funso lanu lomaliza lija ndilo limagwetsa anthu m'mavuto, ndipo mavuto ake ndi atatu.

Loyamba ndi lamulo. Nthenga kukhala pansi sizitanthauza kuti ndi yanu. Ku United States, lamulo la Migratory Bird Treaty Act la 1918 limaletsa kusunga nthenga za mbalame zambiri zakutchire ngakhale zotola, ndipo mayiko ena ali ndi malamulo awo, ndiye fufuzani a kwanuko. Podutsa malire pali pangano la CITES lomwe linasainidwa mu 1973. Jungle cock, nkhuku yakutchire ya ku India yomwe nthenga zake za timaso zimaikidwa m'mbali mwa ntchentche za salmon, ili pa ndandanda wachiwiri wa panganoli. Wogulitsa akalephera kusonyeza mapepala a komwe chikopa chachokera, chisiyeni. Timaso topanga tosindikizidwa pa pulasitiki tilipo, ndipo nsomba sizifunsa. M'malo mwa nthenga za kakowa pa ntchentche za salmon zotchedwa spey, anthu amagwiritsa ntchito blue eared pheasant kapena schlappen, nthenga zazitali zofewa za kumchira kwa tambala. Dyera la nthenga zosowa linafika poti mu 2009 munthu anathyola nyumba yosungira zinthu zachilengedwe ku Tring, ku England, n'kuba zikopa za mbalame 299 kuti azigulitsa kwa omanga ntchentche za salmon zachikale. Zomwe mukufuna kumanga inuzi sizifuna mbalame yosowa ngakhale imodzi.

Lachiwiri ndi matenda. Mbalame yofa yokha musaikhudze, makamaka abakha ndi atsekwe, chifukwa cha chimfine cha mbalame cha H5N1. Kuumitsa mufiriji sikupha kachilombo kameneka.

Lachitatu ndi njenjete ndi tiakafumbwe todya zikopa. Nthenga za kwa mlenje wovomerezeka, monga za pheasant, bakha kapena nkhwali, n'zabwino ndithu, koma zisalowe m'bokosi limodzi ndi zogula zisanakonzedwe. Palani mafuta ndi nyama yonse pachikopa, chifukwa mafuta otsala amanunkha n'kudetsa nthenga. Chapani m'madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, tsukuluzani kawiri katatu, umitsani ndi makina oumitsira tsitsi. Chikopacho chitambasuleni pa katoni ndi timisomali, muwaze ufa woumitsira zikopa wa borax mbali ya nyama, chikhale sabata ziwiri kapena zitatu mpaka chiume. Kenaka chitsekereni m'thumba la pulasitiki, chikhale mufiriji pa -18°C kwa sabata yathunthu, chitulutseni masiku angapo, n'kuchibwezanso sabata ina. Ulendo wachiwiriwu ndi wa mazira omwe anapulumuka poyamba. Chikopa chilichonse chikhale m'thumba lakelake lotseka. Mukaona fumbi ngati mchenga pansi pa thumba, kapena nthenga zikuyoyoka zokha, tayani chikopacho ndipo zonse zoyandikana nacho zipite mufiriji.

Kambedza

Zikomo kwambiri nonse, zamveka. Kamodzi kokha: nanga CDC ili ndi choilowa m'malo? Komanso ndamva kuti marabou ina imasuluka n'kudetsa zinzake m'bokosi.

Tsekwe

CDC ndi tinthenga tozungulira kachiwalo ka mafuta pamwamba pa mchira wa bakha. Timayandama makamaka chifukwa cha kapangidwe kake: kaubweya kalikonse kali ndi tinthambi tina tating'ono tomwe timakola mpweya. Polypropylene ingagwire ntchito ya phiko m'malo mwake, koma siipinda ndi kugwedezeka chimodzimodzi, ndiye pa madzi odekha pomwe trout imayang'anitsitsa, CDC yeniyeni ndiyo. Tinthenga tiwiri pa saizi 16, titatu pa 12 kapena 14. Musaipake mafuta oyandamitsa okhuthala aja, amamata tinthambito ntchentche n'kumira. Ikagwira nsomba itsukeni mamina a nsombayo, muifinye pansalu, muigwedeze mu ufa woumitsa.

Pa marabou, nyowetsani nthenga imodzi muifinye papepala loyera. Pakatsala utoto, tsukuluzani paketi yonse m'madzi ofunda othira viniga pang'ono mpaka madzi atayera, muumitse musanamange. Yofiira ndi yakuda ndizo zimakonda kutero. Nthenga zopindika chifukwa cha paketi, ziikeni pa nthunzi ya ketulo masekondi ochepa mutazigwira ndi kopanira, zimawongoka zokha.