E. coli akutulutsa acetate wambiri mu fermenter: tichotse jini ya pta kapena tisinthe kadyetsedwe?

Tiyese:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Bakiteriya wa E. coli wa mtundu wa K-12 amene akupanga puloteni ya mankhwala akukula bwino poyamba mu fermenter (thanki yokulitsiramo mabakiteriya) ya malita 2, pa madigiri 37, pH ili pa 7. Koma tikangoyamba kuthira glucose mosalekeza, acetate (asidi wa mu viniga amene maselo amataya) akukwera kufika magalamu 5 pa lita, maselo akusiya kuchulukana ndipo puloteni ikutuluka yochepa. Kodi kuchotsa jini ya pta, imene imapanga enzyme ya Pta yothandiza kupanga acetate, kungathetse vutoli?

Nyenyezi:
Musafulumire kukhudza majini, a Tiyese. Yambani mwadziwa kuti acetate akuchokera kuti, chifukwa magwero ake ndi awiri. Tengani madzi a mu fermenter muwayeze pa HPLC, makina olekanitsa ndi kuyeza zinthu zosungunuka m'madzi. Mukapeza formate, lactate ndi ethanol limodzi ndi acetate, ndiye kuti okosijeni akuperewera: onjezani liwiro la chotakasira ndi mpweya, DO (okosijeni wosungunuka m'madzimo) isatsike pansi pa 30 peresenti. Mukapeza acetate yekha okosijeni ali wokwanira, maselo akulandira shuga wochuluka kuposa amene TCA cycle (njira yowotchera chakudya m'selo) ingawotche, ndiye otsalawo akutayidwa ngati acetate kudzera mu ma enzyme a Pta ndi AckA.

Zachiwirizi n'zomwe zimachitika kawirikawiri, ndipo mankhwala ake ndi pampu yothirira glucose. Maselo akamakula pa liwiro loposa 0.2 mpaka 0.3 pa ola, acetate amayamba. Ikani pampu kuti azikula pa 0.15. Kawerengedwe kake ndi aka: malita 2 okhala ndi magalamu 10 a maselo ouma pa lita ndi magalamu 20, ndipo pa liwiro la 0.15 amawonjezeka ndi magalamu 3 pa ola. Galamu imodzi ya glucose imabala pafupifupi theka la galamu ya maselo, choncho mukufunika magalamu 6 pa ola, omwe ndi mamililita 12 a madzi a glucose a magalamu 500 pa lita. Muziwonjezera 16 peresenti ola lililonse. Ndipo musayatse pampu glucose amene munathira poyamba asanathe. Mudzadziwa kuti watha DO ikalumpha mwadzidzidzi, manambala akukwera pamene simunakhudze kanthu. Ambiri amayatsa nthawi isanakwane, shuga n'kuunjikana osaonekera.

Kamtedza:
Ndikugwirizana ndi a Nyenyezi. Pa za pta, kuchotsa kumachepetsadi acetate, koma kaboni sasowa kopita. Amaunjikana ngati pyruvate n'kutulukira kunja kwa selo, wina amasanduka lactate, winanso enzyme ya PoxB imamusandutsa acetate yemweyo, makamaka kukula kukamachepa. Maselo otere amakulanso mwaulesi. Mwatseka ngalande imodzi madzi akadali kubwera ochuluka chomwecho.

Ngati mukufunadi kusintha majini, chepetsani polowera glucose. Kuchotsa ptsG, jini ya khomo lalikulu lolowera glucose m'selo, kumapangitsa glucose kulowa pang'onopang'ono kudzera m'njira zina monga GalP. Chosavuta kuposa zonse n'kusamutsira plasmid yanu (DNA yonyamula jini ya puloteniyo) mu BL21, mtundu wina wa E. coli, amene mwachibadwa amatulutsa acetate wochepa chifukwa glyoxylate shunt yake, njira yachidule ya mu TCA cycle, imagwira ntchito kwambiri. Glycerol m'malo mwa glucose amathandizanso.

Tiyese:
Zikomo nonse. Nanga kuyesa kaye pa kompyuta ndi FBA (njira yowerengera kayendedwe ka zinthu m'selo) kungandionetse zonsezi ndisanapite ku labu?

Kamtedza:
Pang'ono chabe. Mukatsegula iML1515, modelo ya E. coli, mu pulogalamu ya COBRApy osaika malire pa okosijeni, modeloyo iwotcha glucose yense bwinobwino, acetate osaoneka n'komwe, chifukwa imangowerenga maatomu ndi ATP, molekyulu yonyamula mphamvu m'selo. Siidziwa kuti selo lili ndi malo ochepa oikamo ma enzyme. Gulu la Terence Hwa linaonetsa mu 2015 kuti kupuma ndi okosijeni kumafuna mapuloteni ambiri pa ATP iliyonse kuposa njira ya acetate, ndiye selo lothamanga limasankha njira yotsika mtengoyo. Izi zikukukhudzani kwambiri inuyo, poti mukathira IPTG, mankhwala oyambitsa kupanga puloteniyo, puloteni yanu imalanda malo omwewo. N'chifukwa chake liwiro lomwe linali labwino musanathire IPTG limatha kubweretsa acetate pambuyo pake. Mukathira IPTG, tsitsani pampu kuti liwiro la kukula lifike 0.1 pa ola, kutentha kufika madigiri 25 mpaka 30, ndipo yesani IPTG wa 0.1 mM musanafike pa 1 mM. Mu modelo ikanimo manambala amene mwayeza nokha a glucose ndi okosijeni olowa, ndi acetate wotuluka. Mukafuna kuona kumene kaboni akudutsadi, dyetsani maselo glucose wa 13C, kaboni wolemererako amene angathe kulondoledwa.