Za mphatso ya amayi ndi abambo

Achimwene aakulu: Mwaswera nonse? Ndalama tasonkha, koma chogula sitinagwirizane. Pali sipika yolankhula nayo, kabokosi koonera makanema a pa intaneti pa TV, ndi wotchi yamakono. Ndalamayi ikukwana chimodzi. Aliyense anene.

Mng'ono: Ine sipika, achimwene. Amazon Echo kapena Google Nest. Amayi amaiwala nthawi ya mankhwala. Imeneyi mumangoiuza kuti izikukumbutsani m'mawa uliwonse, nthawi ikakwana imalankhula yokha. Wailesi ndi nyimbo imatsegulanso popanda kudina kanthu.

Achemwali: Aziiuza m'chilankhulo chanji? Alexa, amene amayankha mu Echo, Chichewa sachimva, Siri wa Apple chimodzimodzi. Abambo Chingelezi amachitha, koma amayi akangoyankhidwa kawiri kuti sindinamve, aivundikira nsalu basi.

Mng'ono: Zikumbutsozo ndikhoza kuwaikira ine pa foni.

Achemwali: Ndiye ingowaikira alamu pa foni yawo yomweyo. Nanga Echo Dot ilibe batire mkati, imafuna magetsi ndi Wi-Fi nthawi zonse.

Malume: Ana inu, chinthu chomvetsera zokamba za m'nyumba usana ndi usiku, achemwali anga angachilole?

Mng'ono: Chimadikira dzina lake, malume. Chikalimva m'pamene chimatumiza mawu pa intaneti. Palinso batani lotseka maikolofoni, mukadina chimayaka zofiira. Koma zoona, nthawi zina chimadzidzimuka ndi mawu ofanana ndi dzinalo.

Malume: Ehe.

Alamu: Ndilowererepo pang'ono alamu anga. Mtima wanga uli pa wotchi, chifukwa cha kugwa kwa amayi kubafa kuja panalibe munthu. Apple Watch, kuyambira Series 4 ya 2018, imazindikira munthu akagwa mwamphamvu. Imanjenjemera pamkono n'kufunsa ngati muli bwino. Ikaona kuti simukusuntha kwa mphindi ngati imodzi, imaimba yokha ku nambala ya ngozi, kenako n'kutumiza uthenga ndi malo amene muli kwa abale amene munawalembamo. Pa zitatuzi, chopulumutsa munthu n'chimenechi.

Achimwene aakulu: Mfundo imeneyo ndi yolemera alamu. Vuto, Apple Watch imayendera iPhone, amayi ali ndi Android.

Alamu: Ndiye Galaxy Watch ya Samsung, nayonso ili ndi zozindikira kugwa.

Achemwali: Ine nkhawa yanga ndi kutchaja. Mawotchi amenewa ambiri amafuna chaja tsiku lililonse kapena pakapita masiku awiri. Foni yeniyeniyi amayi imakhala yozima mpaka wina aifunse. Ndipo kubafa kumeneko amavula chilichonse, ndi mphete yomwe. Wotchi ili patebulo idziwa bwanji kuti mwini wake wagwa?

Alamu: Imalowa m'madzi bwinobwino, n'kungowazoloweza.

Malume: Achemwali angawo ndakula nawo. Kuwazoloweza si nkhani ya sabata imodzi. Komanso asamaione ngati dokotala. Kuwerenga kugunda kwa mtima si kupima kwa kuchipatala, sikelo asasiye.

Mdzukulu: Agogo aamuna amangodandaula kuti pa TV palibe chabwino 😂 Kabokosi bwanji? Fire TV Stick kapena Google TV Streamer. Mumalumikiza kumbuyo kwa TV pa kabowo kotchedwa HDMI, ndiye YouTube yonse ili pamenepo: maulaliki, makwaya, zigoli za mpira. Rimoti yake mabatani ndi ochepa.

Achimwene aakulu: Chromecast ija inatha?

Mdzukulu: Google inasiya kupanga mu 2024, m'malo mwake ndi Streamer imeneyi.

Achemwali: Chokhacho n'chimene ndikuona akuchigwira tsiku ndi tsiku popanda wowakakamiza. Koma data! Netflix pa HD imatha kudya 3GB pa ola limodzi. Uwatsitsire kuoneka bwino kwa chithunzi kukhale pa 480p, maso awo sasiyanitsa.

Mng'ono: Sipika yanga yaluza choncho?

Achimwene aakulu: Yaluza 😄 Tigule kabokosi. Alamu, za wotchi sitikuzitaya. Mukapita, mukawabwereke amayi yanu ija avale sabata yathunthu. Akamaitchaja okha, tidzasonkhanso.

Alamu: Chabwino, ndikayesa.

Malume: Nanga yolipira intaneti mwezi ndi mwezi? Musagule chinthu n'kuwasiyira ngongole.

Achemwali: Tizisinthana. Mwezi woyamba ine.

Achimwene aakulu: Zikomo achemwali. Iwe mdzukulu, tisanagule kaone kumbuyo kwa TV ya agogo ngati kuli pa HDMI, ujambule utumize pano.

Mdzukulu: Ndipita mawa ndikaweruka.